Amisiri Atatu Osema Dziko: Phunziro Lochokera ku Mwanza

Anthu a m'boma la Mwanza anazolowera tsopano kuona sitima zazitali zikudutsa pakati pa minda yawo, zitasenza malasha ochokera ku Moatize m'chigawo cha Tete, pa ulendo wa ku doko la Nacala. Njanji imeneyi, imene kutalika kwake ndi makilomita 912, inatsegulidwa mwamwambo m'chaka cha 2017. Imalowa m'dziko muno cha ku Chikwawa, ndi kupyola Mwanza ndi Neno kufikira pa Nkaya m'boma la Balaka. Koma mwa anthu onse amene amaima m'mbali mwa njanji ndi kuwerenga mabogi, ndi owerengeka okha amene adziwa kuti kumene malashawo akumbidwa, pansi pake pagona miyala imene inatutidwa ndi madzi oundana, pa nthawi imene dziko lotentha la Tete linali lozizira monga kuzizira kwa kumapeto a dziko lapansi lero lino.

Mawu awa amveka ngati nthano ya pamoto, koma umboni wake unalembedwa m'miyala, ndipo mwala sunama. Anthu ophunzira za miyala atiuza kuti nkhope ya dziko, ndiko kuti mapiri, zigwa, maphompho ndi madambo, inasemedwa ndi amisiri atatu: madzi oundana, mphepo, ndi madzi oyenda. Woyamba uja anatsiriza ntchito yake kuno kalekale. Wachiwiri ali ndi misasa yake ku zipululu za Namib ndi Kalahari, ngakhale amatichezera chaka ndi chaka m'chilimwe. Wachitatu ndiye ali pa ntchito m'munda uliwonse wa kwa Kanduku, kwa Nthache ndi kwa Govati, ndipo malipiro ake amadzitengera yekha osapempha. Tiyeni tsono, owerenga athu, tione mmene aliyense agwirira ntchito yake, pakuti mlimi wodziwa machitidwe awo ndiye angathe kuteteza munda wake.

MTSINJE WOUMA GWA

Ife a kuno tidziwa matalala, amene amagwa ndi mvula ndi kusungunuka pomwepo. Tidziwanso chisanu chimene chimapsereza mbewu m'madimba a ku Dedza ndi Ntcheu m'miyezi ya Juni ndi Julaye. Koma pa mapiri aatali zedi, ndi kumapeto a dziko lapansi, m'malo mwa mvula kumagwa chipale chofewa, choyera ngati ufa, ndipo dzuwa la chilimwe silitha kuchisungunula chonse. Cha chaka chino chimagwera pa cha chaka chatha, ndipo cha pansi chimapanikizika kufikira chisanduka ayezi wolimba ngati galasi. Muluwo ukakula kufika mamita makumi angapo, kulemera kwake komwe kumauyambitsa ulendo wotsetsereka, monga phala lolimba liyendera pa mbale yopendekeka. Mitsinje ina yotere imayenda chikhato chimodzi pa tsiku, ina mamita angapo. Munthu woima pambali sangaone kuti ukuyenda, komatu palibe chimene chingaime patsogolo pake.

Mphamvu yake yaikulu ili m'miyala imene umanyamula. Madzi akalowa m'ming'alu ya thanthwe ndi kuundana, amafufuma ndi magawo 9 pa 100 alionse, ndipo amang'amba thanthwelo monga muzu wa mkuyu ung'ambira mwala. Zidutswazo zimamatirira kunsi kwa ayezi, kotero kuti mtsinje wonse umasanduka ngati mwana wa mphero wamkulu, wopera dziko limene ukudutsamo. Ukachoka umasiya zizindikiro zitatu. Choyamba ndi mizere yokandika pa thanthwe losalala, yonse yoloza mbali imodzi. Chachiwiri ndi chigwa chotambalala pansi, chonga m'kati mwa bwato, pamene chigwa chokumbidwa ndi madzi chimakhala chopapatiza pansi. Chachitatu, ndicho chofunika pa nkhani yathu, ndi katundu wosakanizika. Madzi oyenda ali ngati mayi wodziwa kupeta: miyala ikuluikulu amaisiya kumtunda, nsangalabwi patsogolo pake, mchenga kumunsi, ndi matope kutali m'dambo. Ayezi sapeta. Akasungunuka amangotula zonse pamodzi, mwala waukulu ngati nkhokwe pakati pa dothi losalala ngati ufa. Dothi lotere likakhalitsa ndi kusanduka mwala, akatswiri amalitcha tillite, ndipo kulikonse kumene alipeza amadziwa kuti ayezi anafikako.

M'Africa muno mitsinje yotere yatsala tizidutswa chabe pa mapiri atatu: Kilimanjaro, Kenya ndi Rwenzori. Mmishonale Johannes Rebmann ataona Kilimanjaro mu 1848, nasimba kuti phirilo lavala zoyera pamutu pake, akatswiri ena a ku London sanamkhulupirire. Phirilo n'lalitali mamita 5,895, ndipo kuchokera mu 1912 lataya ayezi wake woposa magawo 80 pa 100 alionse. Sapitwa wathu wa pa Mulanje, wa mamita 3,002, amagwa chisanu m'nyengo yozizira, koma n'ngwamfupi kuti asunge ayezi chaka chonse.

PAMENE DZIKO LINO LINALI M'CHISANU

Zaka ngati 300 miliyoni zapitazo, Africa, South America, India, Australia ndi Antarctica anali dziko limodzi lalikulu, limene ophunzira analitcha Gondwana, ndipo mbali ya kumwera kwa Africa inali pafupi ndi mapeto a kumwera a dziko lapansi. Ayezi wochindikala anakuta dera lalikulu. Ku Nooitgedacht, pafupi ndi mzinda wa Kimberley, kuli matanthwe osalala okhala ndi mizere yokandika ija kufikira lero, m'dziko limene tsopano ndi louma ndi lotentha. Miyala yosakanizika ya nthawi imeneyo imatchedwa Dwyka, potengera dzina la mtsinje wina wa ku South Africa, ndipo yofanana nayo inapezeka ku Brazil, ku India ndi ku Australia. Ichi ndi chimodzi mwa zinthu zimene Alfred Wegener wa ku Germany anatsamirapo ponena, kuyambira mu 1912, kuti maiko amasuntha. Ndipo Alexander du Toit wa ku South Africa anaonjezera umboni m'buku lake la 1937. Anzawo ambiri anawatsutsa, kotero kuti mawu awo anavomerezeka m'zaka za m'ma 1960, onse awiri atamwalira kale.

Kwathu kuno umboni uli mbali zonse ziwiri. Ku Tete, kutsidya kwa malire a Mwanza, pansi pa miyala ya malasha pali gulu la miyala lotchedwa Vúzi, limene linatulidwa ndi ayezi ndi madzi ake osungunuka. Kumpoto kwa dziko lathu, m'chigwa cha North Rukuru ku Karonga, miyala yapansi penipeni pa gulu la malasha ili yamtundu womwewo. Mapiri a Mwanza eni ake ndi akale koposa, pakuti miyala yake inapitirira zaka 500 miliyoni. Miyala ya nthawi ya malasha inasungika makamaka m'zigwa zimene zinatitimira.

Ayezi atasungunuka anasiya nyanja ndi madambo aakulu, ndipo m'menemo munamera mitengo yotchedwa Glossopteris, ya masamba onga lilime. Masamba ndi mitengo imeneyi zinagwera m'matope zaka zosawerengeka, zinakwiriridwa ndi mchenga, zinapanikizika, ndipo zinasanduka malasha. Awa ndiwo malasha a ku Moatize, a ku Mchenga m'boma la Rumphi, ndi a ku Lengwe m'boma la Chikwawa. Robert Scott ndi anzake, amene anafera m'chisanu cha ku Antarctica mu 1912, anapezeka ali ndi miyala yodindika masamba a mtengo womwewu. Chotero tsamba limene likwera sitima kudutsa pa Mwanza lili ndi mbale wake kumapeto a dziko. Frank Dixey, amene anatsogolera ntchito yofufuza miyala m'dziko muno kuyambira 1921 kufikira 1939, anayenda m'zigwa zimenezi, ndipo m'mabuku a miyala a dziko lino gulu lina la miyala ya mchenga ya m'chigwa cha Shire limatchedwa ndi dzina la mtsinje wa Mwanza.

MPHEPO, MWINI CHIPULULU

Dziko la Gondwana linasendera kumpoto pang'onopang'ono, ndipo madambo aja anauma. Pofika zaka ngati 190 miliyoni zapitazo, mbali yaikulu ya kumwera kwa Africa inali chipululu cha mchenga; milu yake inasanduka miyala imene ioneka lero ku Lesotho ndi ku Zimbabwe, ndipo mizere yopendekeka ya m'kati mwake ionetsabe kumene mphepo inkachokera. Pambuyo pake, zaka ngati 180 miliyoni zapitazo, nthaka inang'ambika ndi kutulutsa miyala yosungunuka ndi moto. Yotsala yake ili cha ku Ngabu, ndipo povunda inabala dothi lakuda la makande limene alimi a thonje alidziwa bwino.

Nanga mphepo imagwira bwanji ntchito yake? Ralph Bagnold, msilikali wa ku Britain amene anayenda kwambiri m'chipululu cha Libya, anafotokoza za ichi m'buku lake la 1941. Mphepo imanyamula katundu m'njira zitatu. Fumbi lopepuka imalikweza kumwamba ndi kulitengera kutali. La m'chigwa cha Bodélé ku Chad limaoloka nyanja ya Atlantic ndi kukagwera ku South America. Mchenga suuluka, koma umadumpha ngati chiwala, ndipo kambewu kalikonse kakatera kamadzutsa anzake. Timiyala tokulirapo timangokankhidwa pansi. Popeza mchenga wodumphawo sukwera patali, umasema miyala cha kunsi, ndipo n'chifukwa chake m'zipululu mupezeka miyala yoima ngati bowa, yaikulu kumutu ndi yowonda kutsinde.

Mchengawo ukakumana ndi chotchinga umaunjikana ndi kukhala chitunda. Mphepo imakweza mchenga ku mbali imene ikuchokera ndi kuugwetsera kuseri, kotero kuti chitunda chonse chimayenda, ndipo chingathe kukwirira msewu, chitsime ngakhale mudzi. Kumene mphepo imachokera mbali imodzi chaka chonse, zitunda zimakhala ngati mwezi wongooneka kumene. Kumene imasinthasintha zimakhala mizere yaitali. Ku Namib zina zimapitirira mamita 300 kutalika kwake, ndipo mchenga wake wambiri unabwera ndi mtsinje wa Orange kufika kunyanja, mafunde nauponyera kumtunda, mphepo nkuulandira. Apa tiona kuti amisiriwa amapatsirana katundu. Tisaganizenso kuti chipululu chimakhala chotentha nthawi zonse: Antarctica ndi chipululu chozizira, ndipo m'zigwa zake zouma za McMurdo mphepo yasema miyala monga ichitira ku Namib.

Chipululu chingathe kugona tulo ndi kudzukanso. Mchenga wa Kalahari unayala kuchokera ku mtsinje wa Orange kufikira ku Congo, kupyola kumadzulo kwa Zambia. Ndipo ku Hwange m'dziko la Zimbabwe kuli zitunda zakale za mchenga zimene tsopano zamera nkhalango. Chimene chazigwira kuti zisayende ndi mizu basi. Mu 2005 David Thomas wa ku Oxford ndi anzake anachenjeza kuti dziko likapitirira kutentha, zitunda zimenezi zingathe kuyambanso ulendo zaka za zana lino zisanathe. M'chaka chomwecho akatswiri anaboola pansi pa nyanja ya Malawi ndi kutulutsa matope akalekale, ndipo anapeza kuti pakati pa zaka 135,000 ndi 75,000 zapitazo kunachitika zilala zoopsa, madzi a m'nyanja anatsika mamita oposa 500, ndipo dziko lozungulira linali louma ngati m'mphepete mwa chipululu. Tikaona kamvuluvulu akukweza fumbi lofiira m'munda wotenthedwa mwezi wa Okotobala, tizindikire kuti mmisiri ameneyu sanaiwale njira ya kwathu.

MADZI SAIWALA KHWAWA

Chodabwitsa n'chakuti ngakhale m'chipululu mwenimweni, mmisiri wamkulu ndi madzi. Phompho la Fish River ku Namibia, lalitali makilomita ngati 160 ndi lakuya mamita oposa 500 m'malo ena, linazamitsidwa ndi mtsinje umene umauma miyezi yambiri ya chaka. Chifukwa chake n'chakuti mvula ya m'chipululu, ngakhale igwa kamodzikamodzi, imagwera pa nthaka yopanda chofunda. Palibe udzu woichedwetsa, palibe masamba oimwetsa pansi, ndipo madzi onse amathamangira m'khwawa nthawi imodzi. Mu Sepitembala 2023 madzi otere anagumula madamu awiri m'khwawa louma la Derna ku Libya, ndipo anthu zikwizikwi anafa usiku umodzi. Liwiro la madzi likawirikiza kawiri, mphamvu yake imachuluka kanayi. Mlimi aliyense wa pamtsetse asunge mawu amenewa.

Dziko la Mwanza linaumbidwa ndi madzi kotero kuti ngakhale malire ake anatsata madzi. Pangano la Britain ndi Portugal la 1891 linaika malire pa msana wa mapiri a Kirk Range, pamene mvula yogwa mbali ina imapita ku Zambezi, ndi yogwa mbali ino imapita ku Shire. Kum'mawa ndi kumwera kwa mapiriwa nthaka inang'ambika ndi kutitimira, ndipo ming'alu yotereyi ndiyo inabala nyanja ya Malawi, yakuya mamita ngati 700, ndi chigwa cha Shire. Zivomezi za ku Salima mu 1989 ndi za ku Karonga mu 2009 zionetsa kuti kutitimirako sikunathe. Chigwa chikatsika, mitsinje yochokera kumapiri imapeza mtsetse waukulu ndipo imakumba mwaukali. Pakati pa Matope ndi Chikwawa, pa mtunda wa makilomita ngati 80, Shire amatsika mamita oposa 350, ndipo pa Mpatamanga anadziboolera mpata wopapatiza m'thanthwe lolimba. M'matanthwe a m'mitsinje yotere mupezeka maenje ozungulira onga mitondo. Anakumbidwa ndi nsangalabwi zimene madzi amazizunguza malo amodzi kwa zaka zikwizikwi.

Kutsika kwa Shire kumeneku ndiko chuma cha dziko, pakuti ndiko kumayendetsa makina a magetsi a pa Nkula, amene anayamba mu 1966, a pa Tedzani, a mu 1973, ndi a pa Kapichira, a mu 2000. Koma madzi omwewo akabwera ndi dothi amasanduka mdani. Mitsinje ya Lisungwi ndi Wamkulumadzi imathira mu Shire kumtunda kwa Kapichira, ndipo matope ochokera m'minda ya kumapiri amadzaza madamu, kotero kuti pamafunika makina okwera mtengo owachotsa. Mu Januwale 2022 madzi a namondwe Ana anagumula damu la Kapichira, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo mdima unafika m'nyumba ndi m'mafakitale momwe.

Mtsinje wa Mwanza nawo uli ndi nkhani yake. Umachokera m'mapiri a m'boma lino, ndi kutsikira ku Chikwawa motsata mng'alu waukulu wa nthaka, kufikira uthira mu Shire. Ukafika m'chigwa liwiro lake limachepa, ndipo monga tanena kale, madzi ochepa liwiro amatula katundu. M'chilimwe mtsinjewu umaoneka ngati msewu wotambalala wa mchenga, wosasiyana ndi makwawa a m'chipululu. Mchenga ukadzaza khwawa, madzi a dzinja amasowa poyenda ndipo amasefukira m'midzi ndi m'minda. Madzi a Ana aja anaononganso mlatho wa Chapananga pa mtsinje womwewu. Mchenga umene uvutitsa anthu a ku Chikwawa unali nthaka ya munthu wina kumtunda. Motero tsoka limodzi limagwera mabanja awiri, wina nataya munda, wina nataya nyumba.

Pa mapiri otsetsereka kwambiri madzi ali ndi chida china, chimene makolo athu anachitcha Napolo. Mvula ikagwa masiku angapo osakata, dothi la pamwamba pa thanthwe limakhuta madzi, limalemera, ndipo limaterereka pamodzi ndi miyala ndi mitengo. Zinatero ku Zomba mu Disembala 1946, ku Phalombe mu Malichi 1991, ndiponso ku Soche, Chiradzulu, Mulanje ndi Phalombe mu Malichi 2023, pamene namondwe Freddy anapha anthu mazanamazana. Amene anaona malo odutsa Napolo adziwa kuti katundu wake amakhala wosakanizika ngati wa ayezi uja. Ntchito imene ayezi amaigwira zaka chikwi, iye amaitsiriza ora limodzi.

CHUMA CHIMENE CHIKUPITA KU SHIRE

Kukokoloka kwa nthaka kumayamba ndi dontho limodzi. Dontho la mvula likagwa pa dothi losavala limaswa chibuma, ndipo tizidutswa take timatseka timabowo tolowera madzi. Madzi osowa polowa amayenda pamwamba, poyamba ngati nsalu yopyapyala, kenaka m'timifuleni, ndipo potsiriza m'chigwembe chimene chingameze ng'ombe. Kafukufuku amene Boma linachita pamodzi ndi bungwe la FAO anapeza kuti mu 2014 dziko lino linkataya matani 29 a dothi pa hekitala iliyonse pa chaka, tikaphatikiza malo onse. Amenewa ndi matumba 580 a makilogalamu 50. Koma tikawayala pa hekitala yonse, kuchindikala kwake ndi mamilimita awiri okha, ndipo apa ndi pamene pagona ngozi, pakuti mlimi saona kanthu kufikira tsiku limene khasu lake liyamba kulira pa miyala. Sentimita imodzi ya dothi labwino imatenga zaka mazana kuti ipangike. Feteleza wothiridwa pa munda wotere amapita limodzi ndi dothilo, ndipo ndalama za mlimi zimakathera m'dambo la Elephant Marsh.

Boma la Mwanza n'lamapiri, ndipo kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 130,000 m'menemo. Minda yakwera m'mitsetse imene kale inali thengo, ndipo aliyense woyenda pa msewu wa Mwanza kupita ku Zalewa waona matumba a makala olunjika ku Blantyre. Sitinyoza munthu wootcha makala, pakuti kawirikawiri ndi njala imene yamtuma. Koma tiyenera kunena zoona, kuti mtengo uliwonse wogwa pamtsetse umachotsa chofunda pa nthaka ndi kuisiya monga ya m'chipululu. Chilala cha 2024, pamene maboma 23 mwa 28 analengezedwa kuti ali pa ngozi, chinaonetsa mbali ina ya vuto lomweli: nthaka imene simwa madzi m'dzinja ilibe chosungira mbewu mvula ikadula.

Nkhondo yoteteza nthaka si yachilendo m'dziko muno, ndipo mbiri yake ili ndi phunziro. M'zaka za m'ma 1930 mphepo inaulutsa dothi la minda yambiri ya ku America, ndipo maboma a atsamunda anachita mantha. Mu 1946 kuno kunaikidwa lamulo la zachilengedwe, ndipo m'zaka zotsatira malamulo a malimidwe anakakamizidwa ndi faindi ndi ndende. Anthu anawada kwambiri. Inkosi Gomani ya ku Ntcheu inachotsedwa pampando mu 1953 italimbikitsa anthu ake kukana malamulowo potsutsa chitaganya, ndipo m'chigwa cha Shire anthu amakumbukira nkhondo ya mitumbira. Dothi linali kukokoloka ndithu, koma mlimi wokumba mgula poopa mesenjala amausiya tsiku limene mesenjalayo wachoka. Ntchito yokhalitsa ndi yokhayo imene mwini munda waimvetsa ndi kuifuna yekha.

ZOYENERA KUCHITA

Popeza taona kuti mphamvu ya madzi ili m'liwiro, ndi kuti mphamvu ya mphepo ili pa nthaka yosavala, mankhwala ake ndi awiri: kuchedwetsa madzi ndi kufunditsa dothi. Mizere itsate akalozera mopingasa mtsetse, ndipo pa akalozerapo pabzalidwe udzu wa vetiva, umene mizu yake imazama ndi kugwira dothi. Ngonyeka pakati pa mizere zimasunga madzi pamene agwera. Mapesi asatenthedwe, koma agone m'munda kuti alandire dontho la mvula lisanamenye dothi. Chigwembe chitsekedwe chikadali chaching'ono, ndi miyala, zikhomo ndi nsungwi, kuyambira kumutu kwake. M'mbali mwa mitsinje musalimidwe kufika m'madzi. Zitsa za mitengo yachilengedwe zikaphukira zisamalidwe, pakuti mtengo wophukira pa muzu wakale umapirira chilala koposa mbande. Ndipo alimi a manachesi, amene anatchukitsa dzina la Mwanza m'misika ya dziko lonse, adziwe kuti mtengo wa zipatso pamtsetse umagwira ntchito ziwiri, ya m'thumba ndi ya m'nthaka.

Alangizi a zaulimi ndi a zankhalango alipo kuti athandize kuyeza akalozera ndi kukonza nazale, ndipo nyengo yobzala mitengo imabwera dzinja lililonse. Koma madzi sadziwa malire a munda: wa kumtunda akalekerera, wa kumunsi ngakhale alimbike bwanji adzalandira chigumula. N'chifukwa chake ntchitoyi ifunika kugwiridwa phiri lonse pamodzi, mafumu ndi makomiti a m'midzi atatsogola, ndipo anthu a m'mizinda amene amagula makala azindikire kuti nawonso ali ndi mbali pa mlanduwu.

Ayezi anatenga zaka mamiliyoni kuti apere dziko, ndipo panalibe munthu woti amuletse. Chipululu chakale chinabwera ndi kupita popanda wofunsa. Koma dothi la m'munda mwanu, la kuya kwa khasu limodzi, lili m'manja mwanu, ndipo lingathe kutha m'moyo wa munthu mmodzi. Akulu anati mtsinje wa Tinkanena unathera mu Siizi. Mvula yoyamba isanagwe, yendani m'munda mwanu, muone pamene madzi anadutsa chaka chatha, ndipo muyambire pomwepo.